Pofika Lamulungu a Mandasi Akhale Pachikhatho

Lolemba

M'chipinda muno tsopano tilimo awiri: ine ndi a Mandasi.

A Mandasi ndi kanyama kotchedwa hamusita. Kofiirira, kozungulira, mchira wake wongoyerekeza. Kanali ka mwana wa madamu amene ndimawagwirira ntchito kumayadi, koma mwanayo wapita kusukulu yogonera komweko, ndipo madamu akuti kafungo kake kamawayetsemulitsa. Loweruka anandipatsa zonse: khola la waya, gudumu lothamangiramo, kabotolo ka madzi, thumba la utuchi. Ndinabwera nalo pa kombi, minibasi ya kudziko la eni kuno, mpaka kukomboni kwathu ku Luveve nditalifunditsa chitenje, lili pamiyendo ngati mwana wodwala.

MaNcube, eni nyumba, asuzumira kamodzi kokha. "Igundwane endlini yami, NakaTakondwa?" M'Chindebele chawo akuti: khoswe m'nyumba mwanga, make Takondwa? Ndawauza kuti si khoswe ayi, ndi kanyama ka kumayadi, kamamwa madzi a m'botolo. Achoka akupukusa mutu.

Ndilembe bwino za dzulo, ndingadzaiwale.

Takondwa, mwana wanga mmodzi yekhayo, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinamusiya kwa achemwali ku Dedza ali ndi zisanu. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, achemwali amakwera naye pachulu cha kuseri kwa sukulu pamene netiweki imagwira, n'kundiimbira pa vidiyo. Nkhani zathu sizisintha. Uli bwanji? Ndili bwino. Kusukulu? Bwino. Ukudya? Eee. Kenako maso ali kwa anzake, ine n'kutsala ndikuyang'ana mitambo ya ku Dedza ndi chibwano cha achemwali. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake kuti, "Dikira kaye, ndikulankhula ndi amayi a m'foni." Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Koma dzulo abale! Ndangolozetsa foni kukhola, kanyama n'kutulutsa mphuno mu utuchi, mwana uja kukuwa. Waseka mpaka ndaona kuti mano awiri akutsogolo anaguluka kalekale ine osadziwa. Sanathawe. Dzina la Mandasi wapereka ndi iyeyo. Wakhala pafoni mpaka batire ya achemwali kutha.

"Amakudziwani? Amakwera pamanja?"

Pakamwa pangapa! "Eee, kwambiri. Lamulungu likubwerali udzawaona atakhala pachikhatho panga, phee."

"Mukulonjeza?"

Ndalonjeza. Ndinamulonjezapo kale kawiri kuti ndibwera pa Khirisimasi, osabwera. Ili lokhali lisalephereke, Ambuye. Mwana aone kamodzi kuti mayi ake akanena chinthu chimachitika.

Zovuta zilipo ziwiri zokha. A Mandasi sandidziwa. Ndiponso amagona usana wonse, pamene foni imabwera 2 koloko masana.

Pulani:
1. Aphunzire kudzuka m'mawa ngati anthu.
2. Ukhondo. Mlendo sagona pauve.
3. Chakudya chizichokera m'manja mwanga mokha.
4. Chichewa. Pakali pano amangomva Chingerezi.

Masiku asanu ndi limodzi. Ndinaphunzira makina ochapira a madamu tsiku limodzi, ndiye kanyama aka kangandikanike?

Lachiwiri

5 koloko m'mawa. Ndagwada pakhola. "Mwadzuka bwanji, a Mandasi?" Zii. Ndagogoda waya. Mulu wa utuchi wagwedezeka pang'ono, kenako zii.

Ulesi wotere sindinauonepo. Komatu usiku gudumu limangomveka kwii, kwii, kwii mpaka tambala woyamba. Amathamanga, amathamanga, osafika kulikonse.

Kapena amafika? Pa kombi ndakhala ndikuganiza. Mwina a Mandasi ali pa ulendo. Timiyendo tija tikathamanga usiku wonse, ndiye kuti pofika lero adutsa Gweru. Ndikuwaona m'mbali mwa msewu waukulu, kachikwama kumsana, malole akuwadutsa, iwo osacheuka, mphuno kuloza kwathu. Ndaganiza mpaka kupitirira siteji yanga. Kondakitala akuti, "Mama, mukugona kapena mukupemphera?"

Madzulo, ukhondo. Apa ndiye pantchito yanga, palibe angandiuze. Ndawatsekera a Mandasi m'ndowa, ndakhuthula utuchi wonse, ndatsuka khola ndi sopo, gudumu ndi sopo, kanyumba kawo kogonamo ndi sopo kawiri. Madzi atseka kuyambira dzana, ndiye ndathera chigubu changa chosamba. Zilibe kanthu.

Zimene ndapeza pakona, pansi pa utuchi:
mtedza wambirimbiri
njere za mpendadzuwa
kaloti wofota
kachidutswa ka buledi kouma gwa
china chake chimene sindikufuna kuchidziwa

Zonse kudzala! Khola likuwala mbee, likununkhira ngati bafa ya madamu.

Ndawabwezeramo. Athamangira kukona kuja. Akumba, akumba, akumba. Atembenuka n'kundiyang'ana ndi timaso takuda tija nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti akuthokoza.

Phunziro la Chichewa: bwerani, mtedza, zikomo. Ndatambasula dzanja lili ndi mtedza. Alowa m'kanyumba, n'kutseka khomo ndi utuchi.

Lachitatu

Mayo ine! A Mandasi adwala!

Ndadzuka, ndawapeza atakhala pakati pa khola, masaya atatupa uku ndi uku mpaka m'mapewa. Mutu wakula kuposa thupi. Matsagwidi enieni! Ndimawadziwa, anandigwira ndili sitandade 2.

Kodi ndi sopo uja? Kodi ndi mphepo ya pawindo? Akafa lisanafike Lamulungu ndidzamuonetsa chiyani mwana, khola lopanda kanthu?

Kuntchito ndasita malaya a bwana mbali imodzi kawiri. Kufunsa madamu ndaopa, angati masiku anayi okha mwapha kale.

Chipatala cha matenda opatsirana chilipo ku Thorngrove, kombi imadutsa chapafupi. Ndadziona ndili pamzere ndi khola pamiyendo, anesi akufunsa kuti wodwala ndi uti, zaka zingati, dzina la bambo ake ndani. Ayi, ndingachite manyazi.

Ndiye ndachita zakwathu. Kwathu mwana akatupa matsagwidi ankamumangira kamtolo ka nkhuni, n'kukakataya pamphambano, ndipo wotola nkhunizo ndiye ankapita nawo matendawo. Ine ndine wa kwaya kutchalitchi, zoterezi sindikhulupirira. Koma anga aja anaphwa.

Nkhuni za msinkhu wa a Mandasi ndi timitengo ta machesi. Ndamanga tisanu ndi ulusi wakuda, ndakhudzitsa pakhola, ndakasiya pamene kanjira ka kumpopi kakumana ndi ka kuchimbudzi. Mphambano ina pabwalo pano palibe.

Sipanathe mphindi khumi. Ndili pawindo, ndikuona MaNcube akuwerama. "Hawu, ndani akutaya machesi abwinobwino?" Aika m'thumba la epuloni, ulendo kukhitchini.

Kalanga ine. Mayi amene amandisungira madzi m'ndowa ndikachedwa kuntchito!

Phunziro la Chichewa lalephereka. Wodwala savutitsidwa.

Lachinayi

Achira!

Ayi. Ndinene zoona, buku ili ndi langa. Sanadwale n'komwe.

M'mawa ndaona ndi maso angawa. Apita kukona kwawo kuja, akweza timanja, akankha masaya kuchokera kumbuyo, ndiye mtedza kutuluka. Umodzi, uwiri, utatu, mpaka khumi ndi umodzi, wouma bwinobwino. Nkhope yabwerera mwakale. Masaya aja ndi matumba, abale! Amanyamuliramo katundu ngati amayi a pa boda.

Ndaseka ndekha mpaka misozi. Kenako ndakumbukira MaNcube.

Ndawapatsa moni katatu lero kuti ndiwaone masaya. Lakumanzere likuoneka lonenepa pang'ono. Kapena linali choncho kale? "Ukundiyang'anitsitsa chiyani, sisi, ndakongola?" Ndati eee, kwambiri.

Gudumu silinapume. Lero ayenera kuti adutsa Harare. Ndikuwaona pa renki, akufunsa basi ya ku Nyamapanda, masaya odzaza kamba wa paulendo.

Jakaranda wayamba kugwa m'tauni, misewu yonse yofiirira ngati yayalidwa nsalu ya kwaya. Ndimaganiza Takondwa akuyenda pamenepo, nsapato zoyera, a Mandasi paphewa, ine ndikumuuza mayina a misewu ngati ndinabadwira konkuno. Amandigwira dzanja osachita kuuzidwa. Ndimafika mpaka pomugulira ayisikilimu, kenako kombi imagunda bampu.

Madzulo ndatsukanso khola. Pakona anali atayambanso kuunjika zinyalala zawo. Ndachotsa.

Kenako mfundo yachitatu. Ndasamba m'manja ndi sopo wonunkhira wosungira alendo, ndaika mtedza pachikhatho, ndalowetsa dzanja. "Bwerani, a Mandasi. Ndine mayi ake a Takondwa." Atuluka! Ayandikira, ndevu zikunjenjemera. Anunkhiza chala chamkombaphala.

Aluma.

Kanthu aka! Kakhoswe kopanda mchira, kosayamika! Mano ngati singano ya makina. Magazi mpaka pachitenje. Ndakakalipira m'Chichewa, m'Chindebele, ndi Chingerezi chomwe kuti kamve bwino.

Kwatsala masiku atatu. Chala chikugunda ngati chili ndi mtima wakewake.

Lachisanu

6 koloko, MaNcube pakhomo, masaya abwinobwino, nkhope yokha ndiyo yoipa. Akuti khoma lathu ndi limodzi, ndipo kwii kwii uja wawalowa m'mutu, usiku wachinayi tsopano akulota ali pachigayo. "Chichoke chiwilo, kapena achoke mwini wake. Kapena nonse."

Ndachotsa gudumu. A Mandasi atsakamira pa boda ya Nyamapanda, alibe mapepala. Ku Tete sakafikako.

Kuntchito madamu aona pulasitala pachala. Ndaulula zonse, kupatula za machesi. Aseka mpaka kukhala pansi. Akuti:
kanyamaka sikaona bwino, kamadziwa zinthu ndi mphuno
khola silitsukidwa tsiku ndi tsiku, fungo lake ndiye kwawo
ukakadzutsa masana kamakwiya
dzanja likamanunkhira sopo wina lero, wina mawa, ndiye kuti tsiku lililonse kakukumana ndi mlendo
ndipo mulu wa pakona uja sakhudza, ndi chakudya chimene kasungira mawa



Si zinyalala. Ndi nkhokwe.

Ine mwana wa mlimi, amene ndinaona mayi anga atakhala pansi kulira chaka chimene anankafumbwe anatimalizira chimanga, ndapasula nkhokwe ya mnzanga kawiri sabata imodzi. N'kumati akuthokoza! N'chifukwa chake amayenda ndi chuma chonse m'masaya. Akudziwa kuti m'dziko muno muli chimayi china chachikulu chonunkhira sopo, chimene chimabwera dzuwa likamalowa kudzalanda.

Pa kombi sindinalote kanthu. Ndimangoyang'ana manja angawa. Zaka zitatu akutsuka mabafa a eni ake, ndipo chinthu akachikonda sadziwa china choti achichitire koma kuchitsuka.

Ndafika, ndagwada. "Pepani, a Mandasi. Ndinalakwa." Ndathira mtedza wodzaza dzanja pakona pawo, ndawonjeza kaloti. Sanatuluke. Ndamva kokha kakutafuna m'kati mwa kanyumba.

Pulani yatsopano:
1. Yafufutidwa.
2. Yafufutidwa, ndi manyazi.
3. Ikadalipo.
4. Asiyeni ndi Chingerezi chawo.

Uthenga wa mawu wochokera ku Dedza, pafoni ya achemwali. Kamawu kake: "Amayi, ndauza anzanga onse. Abwera kudzaonera." Ndaumvetsera kasanu ndi kawiri. Wati amayi, basi, osawonjezera zoti a m'foni.

Anzake onse. Mayo.

Loweruka

Lero sindigwira ntchito. Nzeru yandibwerera ndikuchapa: ngati a Mandasi amadzuka usiku wokha, ndiye usikuwo ndiubweretse masana.

Zofunika:
bulangete pawindo
thaulo pansi pa chitseko
chiponde pachikhatho
manja osasamba kuyambira m'mawa, Ambuye andikhululukire

1 koloko. M'chipinda muli bii. Kunja dzuwa likuswa mtengo, malata akulira okha, ine ndadzitsekera mumdima ngati nkhuku yoikira. Ndagona chammbali pasimenti, dzanja m'khola, chikhatho chopaka chiponde chili m'mwamba. Osagwedezeka. Osalankhula. Thukuta likuyenda m'khosi.

MaNcube panja akuuza mnzawo kuti, "Wa ku Malawi uja wayamba kusala kudya."

Ndikumva ana akusewera mpira mumsewu, wogulitsa masache akudutsa, wailesi ya kutali. Kenako sindikumvanso Luveve. Ndili pachulu chija kuseri kwa sukulu. Mphepo ya ku Dedza, yozizira, ya fungo la mbatatesi zokumba kumene. Takondwa wakhala pambali panga, wakula, miyendo yatalika. Sakulankhula, ine sindikulankhula. Akungotola timiyala n'kumaika pachikhatho panga, kamodzikamodzi, topepuka, tofunda. Ndikuopa kupuma kuti angaleke.

Ndadzidzimuka 4 koloko. Dzanja lachita dzanzi mpaka paphewa.

Ndayatsa tochi ya foni. Chikhatho chili psiti! Chiponde chonse chatha, mpaka m'mizere ya m'manja. Pamkono pali timapazi ta mafuta, tiwiri apa, tiwiri apo. A Mandasi ali m'kanyumba, khomo lotseka.

Anabwera! Anakwera! Anakhala pachikhatho panga, mwina nthawi yaitali, mwina anapukutirapo ndevu. Ndipo mboni palibe, ngakhale mwini dzanjane ndinali ku Dedza.

Kapena ndi nyerere? Ayi. Nyerere zilibe mapazi otere.

Ndayesanso ndili maso. Ola lathunthu. Sanabwere. Zikuoneka kuti amandikonda ndikakhala kuti palibepo.

Komabe mawa zitheka. Mdima, chiponde, kudekha. Ndasita bulauzi yachikasu.

Lamulungu

Kutchalitchi ndaimba ndi pakamwa pokha. Ndathawa chisomo chisanathe.

1 koloko: bulangete pawindo, chiponde, dzanja m'khola, bulauzi yachikasu yanyowa kale.

2 koloko foni yalira. Ndayankha ndi dzanja lamanzere. Timitu tisanu tapanikizana pagalasi, Takondwa pakati, achemwali kumbuyo akuti musakankhane.

"Amayi, sitikuona kanthu! Kwada!"

Zoonadi. Sabata yonse yoganiza, osaganiza kuti mumdima foni siona.

Ndakoka bulangete ndi phazi. Kuwala ngwee! Kamphuno kamene kanali katangoyamba kusuzumira pakhomo la kanyumba kabwerera m'kati. Utuchi wagwedezeka, khomo latsekeka. Chatsala ndi dzanja la mayi wamkulu, lopaka chiponde, lili ndi pulasitala, m'khola mopanda kanthu.

Ndaitana. Ndachonderera. Ndayesa ndi Chingerezi.

Anzake aja ayamba kuchoka mmodzimmodzi. Wina wati, "Ndi bodza, kulibe." Ndamumva bwinobwino. Takondwa wangoyang'ana pansi, akukanda chulu ndi chala chakuphazi.

Ndikanatha kunena kuti adwala. Ndikanatha kunena za dzulo, koma ndani angakhulupirire timapazi ta mafuta? Ndatulutsa dzanja.

"Takondwa, ndinanama. Sandidziwa. Ndinawatayira chakudya chawo kawiri, ndiye anandiluma, ona. Masana amagona. Ndimafuna usachoke msanga pafoni, n'chifukwa chake ndinatero."

Ndadikira kuti ndione mitambo ndi chibwano cha achemwali.

"Akugona panopa?"

"Eee."

"Ndiye musakuwe. Ikani foni pafupi."

Ndaitsamiritsa pawaya. Palibe chooneka, kamulu ka utuchi kokha, kakukwera, kakutsika. Tayang'ana. Iye uko, ine kuno.

Kenako wayamba kunong'ona, kuti angawadzutse. Akuti mano aja anawaponya padenga. Akuti pali mtsikana wina m'kalasi amamutsina aphunzitsi akatembenuka, ndipo sanauzepo munthu. Akuti amaopa kupita kuchimbudzi kukada chifukwa kuli kadzidzi. Akuti nthawi zina amaiwala mawu anga, ndiye amapempha mayi aakulu amuikire uthenga wakale. Maso ake onse ali pa utuchi, osati pa ine. Ine ndili chigonere pasimenti, chiponde chikuuma m'manja, misozi ikulowa m'khutu. Ndikungoti mmm, mmm, chapansipansi. Ndimaopa kuti ndikayankha mokweza asiya.

Achemwali akuti batire yatsala pang'ono.

"Amayi, musamawadzutse. Mukawadzutsa ndiye sitinong'onanso."

Foni yazima.

Ndiye basi. Lonjezo lachitatu lagwa ngati anzake aja, ndipo ana asanu a ku Dedza akudziwa kuti mayi ake a Takondwa ndi abodza. Bulauzi yathimbirira chiponde. Khola layamba kununkha, MaNcube anena kale kawiri.

Sinditsuka. A Mandasi agone.